Nyali Yofiira ya Amayi Consolata

Dokotala Hamid sadziwa kukalipa. Akafuna kukuchotsa ntchito amayamba wakufunsa za ana kunyumba. Tsiku limenelo anandifunsa za mwana wanga Miracle, ngati chimfine chinamusiya, kenaka n'kundiuza mwaulemu kwambiri kuti satifiketi yanga yotsitsimutsa munthu amene mtima waima inatha mphamvu kalekale. Anati oyendera zipatala akubwera sabata yamawa, ndipo Lolemba likandipeza ndilibe yatsopano sangathe kundisunga pakiliniki pake. Anawonjezera kuti pali mtsikana wina wa ku Lenasia amene mapepala ake onse ali bwinobwino, ndipo amayi ake akuimba foni pafupipafupi. Ine ndinathokoza, pajatu ife a ku Malawi timathokoza ngakhale munthu atatiponda chala.

Dzina langa ndine Upile, namwino, ndipo pakiliniki imeneyi ku Fordsburg ndagwirapo zaka zingapo. Chitupa changa chokhalira mu Joni chimadalira ntchitoyi. Ntchito ikatha chitupa chimatsatira, ndipo chotsala ndi basi ya kumudzi, chikwama cha mizeremizere, ndi mwana amene Chichewa chake n'chotolera kutchalitchi.

Musaganize kuti ndinkazengereza. Kosi yokonzanso satifiketiyi ndinali nditailembetsa kale kawiri konse. Ulendo woyamba magetsi anazima, jenereta ya pamalopo n'kukana kulira, ndipo anatibweza titangomwa tiyi. Ulendo wachiwiri a matekisi ananyanyala ntchito, ine n'kuima pamsewu m'mawa wonse mpaka miyendo inachita dzanzi. Mwayi wotsala unali umodzi basi. Loweruka kunali msonkhano waukulu wa azaumoyo pahotela ina ku Sandton, ndipo anati masana ake kudzakhala kosi yomweyo kwa ofuna kukonzanso masatifiketi awo.

Lachisanu madzulo Amayi Consolata anaimba foni.

"Iwe Upile, ndamva kuti mawa uli ku Sandton. Nanenso yanga yatha. Tipitira limodzi, ndipo pachidole choyeserera paja tikakhala awiri, ine ndi iwe."

Sanafunse ayi. Amayi Consolata safunsa. Ndiwo anandiphunzitsa unamwino ku Zomba ndili kamtsikana kosadziwa n'kugwira jakisoni komwe. Mawu awo ankamveka kuchokera kuwodi mpaka kuchipata, ndipo wophunzira akamachita zibwana pabedi la wodwala ankamukankha ndi phewa n'kunena kuti, "Choka apo, usandiphere wodwala!" Tonse tinalawako phewa limenelo, ine kangapo. Atabwera ku Joni anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Orange Grove. Ine nditafika, ndilibe pogona, mapepala anga akuzungulira m'maofesi, ndinagona pansi m'kachipinda kawo ku Alexandra pafupifupi chaka chathunthu, ndipo sanandionetsepo nkhope yotopa nane. Paukwati wanga ndiwo anakhala pampando wa amayi anga. Munthu wotere akati tikakhala awiri, iwe umangoti chabwino Amayi.

Tinakumana m'mawa pamalo okwerera matekisi m'tauni. Ndinawalandira chikwama monga mwa nthawi zonse. Pokwera ndinaona kuti anagwira chitseko ndi mkono osati ndi zala, ndiponso kuti mfundo za zala zawo zinali zotupa. Ndinaona, koma ndinachita ngati sindinaone, monga tinaleredwera.

Hotelayo inali yozizira ngati mochale. Pakhomo anatikoleka makadi m'khosi, n'kutipatsa zikwama zansalu zokhala ndi cholembera chosalemba ndi mapepala otsatsa mankhwala amene odwala athu sadzawaona n'komwe. Kutsogolo kunali chinsalu chachikulu cholembedwa mutu wa msonkhano, wonena kuti pasapezeke wotsalira m'mbuyo. Ife a kosi ya masana anatikhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi.

Pulofesa wina wochokera kunja anapatsidwa kanthawi kochepa, koma iye anadya m'mawa wonse. Anationetsa zithunzi za makina oyeza mtima wa munthu ali chigonere kunyumba kwake, ine n'kumaganiza za makina athu oyezera kuthamanga kwa magazi ku Fordsburg, amene timachita kuwamenya khofi kuti adzuke. Atamaliza anthu anayamba mafunso. Mafunso a pamsonkhano mukuwadziwa. Munthu amaimirira, kutchula maudindo ake onse, kufotokoza za ulendo wake wa ku Ulaya, n'kukhala pansi osafunsa kanthu. Anthu ankaomba m'manja, ine diso lili pawotchi, chifukwa nthawi yonse imene ankaseweretsayo inkachotsedwa pakosi yathu. Amayi Consolata ankalemba zonse mwakhama ndi cholembera chawochawo, ngakhale kuti ankachigwira movutikira.

Chakudya cha masana chinali masangweji ang'onoang'ono ngati mkate wa mgonero. Wotibweretsera anali abambo Julius, mkulu wa mpingo wathu wa ku Alexandra, amene mkati mwa sabata ndi Loweruka amaperekera zakudya pahotelapo. Atationa anasangalala kwambiri. Anawerama popereka moni kwa Amayi Consolata, n'kutiwonjezera masangweji mwakabisira, akuuza mnzake wa Chizulu kuti awa ndi anesi athu, aakuluwa aphunzitsa theka la anamwino a ku Malawi. Amayi anamwetulira n'kukonza kolala ya yunifolomu yawo.

Kosi imene inayenera kuyamba titangodya inayamba dzuwa litapendeka kale. Anatilowetsa m'kachipinda kena ka pambali, momwe zidole zinali ndandanda pakapeti. Zidole zake n'zopanda manja ndi miyendo, mutu ndi chifuwa basi, ndipo paphewa pa chilichonse pali kanyali. Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi wachangu, dzina lake Mulako, wa ku Lusaka, namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Anayamba n'kutichenjeza kuti a hotela akufuna chipindacho madzulo kaamba ka phwando la akuluakulu a msonkhano, choncho tiphunzira mothamanga ndipo mayeso tichita mothamanganso.

Amene sanayesepo amaganiza kuti kutsitsimutsa munthu n'kumusisita pachifuwa. Si choncho. Umagwada, manja onse pamodzi pakati pa chifuwa, zigongono zowongoka, n'kumakankha ndi thupi lonse mpaka chifuwacho chitsike, mofulumira, osalekeza. Pa munthu weniweni nthiti zimatha kuthyoka. Pachidole, ukamafika pofunika kanyali kamayaka kobiriwira, ukamangogunda pamwamba kamafiira. Mayeso ake ndi a anthu awiriawiri. Wina amakanikiza, wina amapopera mpweya m'kamwa uku akuyang'ana kanyali, kenaka mumasinthana. Mulako anafotokoza zonsezi m'Chingerezi, koma atatimva ife tikunong'onezana anatembenuka n'kubwereza m'Chinyanja cha kwawo.

"Ba Malawi, mveleni bwino. Pano palibe mukulu, palibe mwana. Pali chabe muntu ali kufa. Ukaona light ili red, kamba, nimvele na ine. Ngati munzako akangiwa, muchosepo, ungene iwe."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kumva ndinamvadi, koma sindinaganize kuti mawuwo angandikhudze ine.

Poyeserera Amayi Consolata anati ndiyambe ine, iwo aziona kaye. Ndinayeserera, nthawi n'kutha iwo asanagwade n'komwe. Mayeso atafika ndinayambanso ine, ndipo kanyali kanayaka kobiriwira mpaka mapeto. Mumtima ndinati Lolemba langa lapulumuka. Tinasinthana. Amayi anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kaye kenaka linzake, anaika manja pamalo oyenera ndendende monga ankatiphunzitsira, n'kuyamba. Kawerengedwe kawo kanali kabwino, mawu amphamvu ngati kale. Koma chifuwa cha chidole sichinkatsika, ndipo kanyali kanafiira.

Ndinayang'ana kanyaliko, n'kuyang'ana imvi zawo. Anamwino ena amene anali atamaliza anali chiimire kumbuyo kwathu. Tandiuzani, munthu amene anakuphunzitsa kusamba m'manja ungamuuze bwanji pagulu kuti sakutha?

"Amayi, kapena mwatopa pang'ono?" ndinatero chapansipansi.

"Ndili bwino, popa mpweya," anayankha osadzutsa mutu.

Ndinapopa. Kanyali kanali kofiirabe. Ndinayesanso kuzungulira, ndikuti kaya mwina ngati n'kotheka akanatsikako pang'ono, ngati sizingawavute. Chiganizo changacho chisanafike kumapeto, Mulako anaomba m'manja kamodzi n'kulengeza kuti wodwala wathu wamwalira. Anati tonse awiri tibwereza pomaliza, mwayi umodzi wokha, ngati a hotela atakhale asanatithamangitse.

Ndinamutsatira Mulako pambali magazi akuwira. Ndinamukumbutsa kuti kanyali kanga kanali kobiriwira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye ndalakwa chiyani ine?

"Manja yanu yali bwino, ba Upile, kamwa ndiye yakangiwa," anatero. "Muntu ali kufa, imwe mukamba monga mupempha mchele kuli apongozi."

Ndinayesa kumufotokozera kuti amayiwa ndi ndani kwa ine. Anati akudziwa, nakonso kwawo akuluakulu alipo, koma iye sangasainire namwino amene amaona zinthu zikulakwika n'kumasankha mawu okoma. Kenaka anandimvera chisoni pang'ono. Anati ngati ndikufuna ndingathe kubwereza ndi munthu wina, ndipo amayiwo awapatsa mnyamata wa ambulansi amene anali pakona, chimunthu cha mawu ngati woitanira anthu patekisi. Anati ndikawauze ndekha.

Ndinatuluka nditatsimikiza mtima. Manyazi anapha lambe, ndinadziuza choncho, ndipo ine sindinabwere ku Sandton kudzafa. Ndinawapeza atakhala pampando wa m'khonde, akupaka mankhwala onunkhira bulugamu padzanja. Ndisanatsegule pakamwa anayamba okha. Anati nyamakazi inawagwira chaka chatha, ndipo m'mawa zala sizipinda mpaka ataziviika m'madzi otentha. Anati kunyumba ya okalamba kwabwera bwana watsopano amene akungofuna chifukwa choti awapumitse, ndipo satifiketiyi ikapanda kutuluka ndiye kuti chifukwacho wachipeza.

"Ndikavula yunifolomuyi ndidzakhala ndani mu Joni muno?" anatero. "Kankhalamba ka ku Malawi ka m'kachipinda ka kuseri, basi."

"Nanga bwanji simunandiuze dzulo, Amayi?"

"Ndikanakuuza ukanagona tulo? Ndinasankha iwe chifukwa ndinadziwa kuti mwana wanga sangandiyalutse pagulu."

Ndinakwiya. Ndinene mosabisa, ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyira Dokotala Hamid, a matekisi ndi pulofesa uja kuwaphatikiza pamodzi. Ulemu wanga anautenga ngati chitenje chobisira bala lawo, osandifunsa n'komwe ngati ine ndili ndi china chofunda. Ndinkafuna kuwauza kuti nanenso ndili ndi bwana, ndili ndi Lolemba, ndili ndi Miracle amene sukulu yake ili konkuno. Ndinkafuna kuwauza za mnyamata wa ambulansi uja. Mawu onsewa anafika pakhosi n'kuima pamzere, koma amene anatuluka anali ofunsa ngati dzanjalo likupweteka kwambiri.

Anati likupweteka, koma ali ndi nzeru. Poyamba paja, anatero, sankadziwa kuti sakufika, chifukwa maso awo anali pamanja. Ulendo uno akakhala akudziwa adzaika mphamvu zonse, ngakhale dzanja lithyoke.

"Ukaona yafiira usayankhule. Ungotsokomola. Ine ndimva, ndiwonjezera mphamvu, nyali ibiriwira, ndipo mtsikana wa ku Zambia uja sakhala n'chonena."

Ndinaganizira. Kunena zoona, kanyali kakanabiriwira sipakanakhala choti ndiyankhule, ndipo tonse awiri tikanatuluka ndi mapepala athu. Munthu akafuna kuthawa chinthu chovuta nzeru iliyonse imaoneka yabwino. Ndinavomera, ndipo nditabwerera m'chipinda ndinauza Mulako kuti sindisintha. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ntchito ndi yanga.

Tinadikira ena onse amalize. Pamene nthawi yathu inkakwana n'kuti a hotela atalowa kale, akukoka matebulo ndi kuyala nsalu zoyera. Zidole zina zinali zitalongedwa m'mabokosi, kutsala chathu chokha pakati pa chipinda. Mkulu wina wa hotela anaima pakhomo akuloza wotchi yake. Anamwino angapo anatsalira kuti aone mathero ake, ndipo pakati pa onyamula matambula ndinaona abambo Julius. Anatikwezera chala chachikulu. Ndinalakalaka akanakhala kukhitchini.

Mulako anati ulendo uno ayambe ndi amayi. Anatiuza kuti wodwala wathu ndi bambo amene wagwa pamalo okwerera matekisi, ambulansi ili kutali, ndipo alipo ndi ife awiri basi. Amayi Consolata anagwada, anapuma mozama, n'kuyamba.

Kanyali kanabiriwira. Ndikunena zoona, kanabiriwira, ndipo mtima wanga unadumpha. Anakanikiza ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene anazitenga, milomo italumana, thukuta likutsika m'masaya. Ndinapopa mpweya, iwo n'kuyambiranso. Koma chigawo chachiwiri chisanafike pakati zigongono zinayamba kupinda. Kanyali kanaphethira, kenaka kanafiira.

Ndinatsokomola.

Anamva. Ndinaona mapewa awo akukwera, akuyesa kuponya thupi lonse pamanjapo. Kanyali sikanasinthe. Ndinatsokomolanso, mokweza. Anayesanso, ndipo ndinamva kakubuula kakang'ono kakutuluka m'mano mwawo, koma chifuwa cha chidole chinkangogwedezeka pamwamba. Ndinatsokomola mpaka namwino wina kumbuyo anafunsa ngati wina angandipatse madzi. Mulako sanaseke. Anangondiyang'ana, n'kuyamba kutukula manja ake pang'onopang'ono kuti aombe monga anachitira poyamba paja.

Manja amenewo ndinawaona bwinobwino. Ndinadziwa kuti akangogundana, Lolemba ndikaima pamaso pa Dokotala Hamid n'kumayankha mafunso a chimfine cha Miracle. Ndinayang'ananso chidolecho, ndipo kaya ndi kutopa kaya ndi mkwiyo, ndinasiya kuona pulasitiki. Ndinaona bambo atagona pansi pakati pa matekisi, anthu atamuzungulira, anamwino awiri ali pomwepo, wina sakufika ndipo wina akutsokomola.

"Simukufika, Amayi! Kanikizani!"

Mawuwo anadzaza chipinda chonse. Amayi Consolata anadzidzimuka, koma sanasiye. Anakanikizabe, mouma mutu monga ndimawadziwira, kanyali kali kofiira. Pamenepo pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonze.

"Chokani apo, musandiphere wodwala!"

Ndinawakankha ndi phewa. Sindinaike mphamvu zambiri, koma mawondo awo anali atatha kale, choncho anapendekera kumbali n'kukhala pansi pakapeti, nsapato imodzi itavuka. Ine ndinali nditagwada kale pamalo pawo, ndikukanikiza, ndikuwerenga mokweza. Ndinawalamula kuti atenge chopopera mpweya, ndipo anakwawa n'kuchitenga. Ndikati popani ankapopa. Kanyali kanabiriwira n'kukhala chobiriwira mpaka Mulako anati wodwala wayamba kupuma.

"Iyo ndiye voice nenze kufuna," anatero Mulako, n'kulemba papepala lake.

Okoka matebulo anali ataima. Abambo Julius anaika matambula awo pansi mosamala, anabwera, n'kuwadzutsa Amayi Consolata powagwira m'khwapa. Anawatolera nsapato n'kuwaveka okha atagwada. Ine sanandiyang'ane ngakhale pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti mawa lake, mapemphero asanayambe, Alexandra yense adzakhala atamva kuti Upile anagwetsa pansi mayi amene anamusunga.

Mulako anapita kwa Amayi n'kuyankhula nawo motsitsa mawu. Anawauza kuti nzeru zonse ali nazo, kaikidwe ka manja n'kabwino kuposa ka achinyamata onse amene anawayesa tsikulo, koma sangathe kuwasainira. Anati kosi ina iliko mwezi wamawa, abwerenso, iye adzawasungira malo.

"Mwezi wamawa manjawa adzakhala atakalamba ndi mwezi wina," anatero Amayi Consolata. "Zikomo mwanawe, ntchito yako ukuidziwa."

Satifiketi yanga ndinailandirira m'khonde, chifukwa m'chipindamo anali atayamba kale kuyesa zokuzira mawu za phwando. Potuluka tinadutsa pansi pa chinsalu chija chonena kuti pasapezeke wotsalira m'mbuyo. Akuluakulu a msonkhano anali akujambulitsa pomwepo, ndipo wojambula anatipempha kuti tidutse msanga.

M'tekisi yobwerera m'tauni tinakhala mpando umodzi, chikwama chawo chili pamiyendo panga. Ndinakonza mawu opepesa, n'kuwafufuta, n'kukonza ena. Chondivuta chinali chakuti sindinkadziwa chimene ndikupepesa. Mkwiyo unali usanathe, chisoni chinali chitafika kale, ndipo ziwirizi zinkakankhana m'chifuwa mwanga njira yonse. Amayi ankangoyang'ana pawindo, dzanja lotupa lija atalifumbata ndi linzake.

Titatsika ndinawaperekeza kumzere wa matekisi a ku Alexandra. Kunja kunali kudakali kowala, ogulitsa m'mbali mwa msewu akuyamba kulongedza. Tili pamzerepo ndinayamba kuti, "Amayi, zija zachitika zija..." koma anandidula.

"Unachedwa, Upile."

Ndinawayang'ana osamvetsa.

"Unatsokomola nthawi yaitali. Akanakhala munthu weniweni bwenzi pano tikufunafuna abale ake. Ine ndi amene ndinakuuza kuti utsokomole, inde, koma ku Zomba sindinakuphunzitse zimenezo. Ukadzaonanso nyali yofiira usadzadikire, kaya wagwada pamenepo ndi ndani."

Anayankhula ndi mawu awo a kuwodi, koma maso anali ofiira, ndipo sankayang'ana ine. Tekisi itafika anatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti akufuna ndiwathandize kukwera, koma ankafuna chikwama. Ndinati ndiwaikira m'kati ndine. Anati ayi, bweretsa. Anachikoleka pamkono, chifukwa zala sizikanatha kuchigwira, n'kukwera okha pang'onopang'ono, anthu akumbuyo akudandaula kuti gogo achite changu. Ndinaima pomwepo mpaka tekisiyo inadzaza n'kunyamuka.

Lolemba ndinaika satifiketi patebulo la Dokotala Hamid. Anaiyang'ana mwachidule, anaiponya mufayilo, n'kundiuza kuti odwala adzaza kale pabenchi. Za Miracle sanafunse, choncho ndinadziwa kuti ntchito ndili nayo.

Amayi Consolata anawapumitsa kumapeto kwa mwezi womwewo. Kutchalitchi amayi ena anandinyanyala kwa kanthawi, mpaka Amayi Consolata eni ake anawaletsa, akuti mwanayo anachita zimene anaphunzitsidwa. Timapatsana moni bwinobwino, amafunsa za Miracle, ndipo nthawi zina amamutumizira mandasi. Mapemphero akatha ndimawaperekezabe mpaka pamsewu monga kale. Koma kuyambira Loweruka limene lija, chikwama chawo amanyamula okha.